Manja Oswa Mtedza kwa Kasakula

Kwa Kasakula mtedza timauswabe ndi manja. Ukakumbidwa mu Meyi, n'kuthotholedwa, n'kuuma bwino, ntchito yeniyeni imayambira pakhonde: mkeka pansi, dengu la makoko uku, lichero uko. Khoko limagwidwa pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, ukalikanikiza pamphuno limangoti thwa, njere ziwiri n'kugwera m'lichero. Kuti thumba la makilogalamu 50 lidzale, zala ziwiri zomwezo zimakanikiza kopitirira ka 20,000. Ana amayamba ndi changu koma sachedwa kuthawira kumpira. Amayi amadzuka kukatereka ndiwo. Abambo amakumbukira kuti ali ndi nkhani kwa amfumu. Koma pamakhala munthu mmodzi wotsala pamkeka mpaka dzuwa kulowa.

M'midzi ingapo yomwe ndikuidziwa kumapiri a Ntchisi ndi Dowa kuno, wotsalayo amakhala munthu wamfupi, wa nkhope yobulungira, wa maso aang'ono okwera m'mbali, wolankhula movutikira, wosadziwa kukana ntchito. Achipatala amati ali ndi Down syndrome. Kumudzi timangoti ngozerezeka, ndipo ena amatchula mayina oipa kuposa pamenepa, omwe sindingawalembe. Kwathu munthu ameneyu ndi atsibweni anga, mzime wa agogo, obadwa mu 1970. Mwambo wathu ndi mbewu zathu ndi zomwe zinawakhazika pamkekapo, ndipo zaka zonsezi zawasiyira zizindikiro m'manja zomwe ife takhala tikuzimasulira molakwika.

Agogo ankanena kuti pa utsikana wawo, m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, ana otere ankabadwa ndithu, kungoti sankakula. Ankawatcha ana ofewa: khosi losalimba, kuyamwa mwaulesi, chifuwa chosatha. Ambiri ankapita asanasiye bere. Lero tikudziwa kuti pafupifupi theka la ana a Down syndrome amabadwa ndi vuto la mtima, ndipo chibayo ndi chikuku zimawagwetsa msanga. Sizinali kuno kokha ayi. Ku England mu 1929 mwana wotere ankayembekezereka kukhala ndi moyo zaka pafupifupi 9 basi. Koma pamudzi imfa ya mwana siikhala yopanda mwini. Ankati ndi tsempho, wina sanasunge mwambo, wina anathira mchere m'ndiwo ali wosayenera. Ankhoswe ankaitanidwa, ndipo mlandu unkagwera bambo kapena mayi amene ali kale pachisoni. Zitabwera zigayo ndi magolosale, nkhani inasintha mtundu: mwana wotere akabadwa kwa munthu wopezako bwino, anthu ankanong'onezana kuti atate ake anamukhwimira. Mawu amenewa ndimawamvabe pamaliro ndi pamjigo, ndipo amandipweteka, chifukwa apasula mabanja osalakwa.

Chomwe chimachitika n'chakuti m'maselo a thupi la munthu muli makromozomu 46, okhala awiriawiri. Wa Down syndrome ali nawo 47, chifukwa pa nambala 21 pali atatu m'malo mwa awiri. Zimachitika pomwe mimba ikungoyamba kumene, mchere ulibe gawo, mankhwala a sing'anga alibe gawo. Padziko lonse mwana mmodzi mwa ana pafupifupi 1,000 amabadwa chotero, ndipo kwa mayi wa zaka 40 mwayi wake umafika pa mmodzi mwa 100. Agogo anali atadutsa zaka 40 pomwe ankabereka mzime wawoyu. Kromozomu yowonjezerayi inapezeka mu 1959 ku Paris, pa ntchito ya Marthe Gautier, Jérôme Lejeune ndi Raymond Turpin. Koma amene anayamba kulemba za anthuwa ngati gulu limodzi ndi dokotala John Langdon Down wa pachipatala cha Earlswood ku England, mu 1866, ndipo ngakhale iye anaona kuti khungu lawo n'losiyana ndi la ena. Mwana wake Reginald, dokotalanso, ndiye anaonetsa za mzere umodzi wodula chikhatho chonse, womwe umapezeka mwa pafupifupi theka la anthuwa komanso mwa anthu ena ochepa opanda vutoli. Taonani kutalika kwa ulendo wake: Down analemba zaka 23 amishoni a Dutch asanafike ku Mvera mu 1889. Amishoniwo anadzatsegula Kongwe mu 1894, Nkhoma mu 1896, sukulu zinafalikira m'midzi ya Dowa ndi Ntchisi, koma dzina la vutoli linatenga zaka zoposa 100 kuti likwere mapiri athu. Agogo anamwalira asanalimve.

Atsibweni anapulumuka chifukwa mtima wawo unali wabwino, komanso agogo sankawasiya pansi. Obadwa pambuyo pawo athandizidwa ndi katemera ndi sikelo ya ana. Mu 1992 ana 234 mwa 1,000 aliwonse m'Malawi ankamwalira asanakwanitse zaka 5. Pofika 2015 ndi 2016 chiwerengerochi chinatsika kufika pa 63. M'mayiko olemera munthu wa Down syndrome ankakhala zaka 25 mu 1983, lero amafika pafupifupi 60. Ndiye kuti ife ndife m'badwo woyamba kuona anthuwa akumera imvi ali ambiri. Makolo anatisiyira mwambo wolerera mwana wofewa ndi womulirira akapita. Wosamalira munthu wotere atakalamba sanatisiyire, poti sankamuona.

Apa mpamene chikamwini chimalowerera. Kwathu mwamuna akakula amakakwatira kumudzi kwa mkazi, alongo ake n'kutsala pamalo a makolo. Akulu awo a atsibweni anachoka onse, wina kuchikamwini, wina ku Joni pa Wenela, ulendo womwe boma linauimitsa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha anthu athu oposa 70. Atsibweni sakanalembedwa ku Wenela, ndipo panalibe banja lomwe likanawalandira ngati mkamwini. Anatsala pakati pa alongo awo. Mwambowu ndimauyamikira pa chinthu chimodzi chachikulu: sanagonepo ndi njala chifukwa chosowa kolowera. Ngakhale pa njala ya 2002, pomwe anthu ankadya gaga ndi zitsinde za nthochi, mbale yawo inkatuluka m'nyumba iliyonse ya mbumba. Koma wodya m'nyumba zonse amagwiranso ntchito m'nyumba zonse. Mayi anga anali ndi dengu lawo, amayi aakulu dengu lawo, amayi aang'ono lawonso. "Alongo, mukatha kumeneko mubwere kuno," ndiwo mawu omwe ndinakula ndikuwamva. Nyumba iliyonse inkaona kuti yawapatsa ntchito yochepa. Panalibe wowerengera madengu onse pamodzi.

Ndipo madenguwo anachuluka pamene mbewu zinasanduka ndalama. Kale mtedza unali wa nsinjiro ndi wokazinga, woswa pang'ono tsiku lomwe ukufunika. M'zaka za m'ma 1920 azungu awiri, A. F. Barron ndi R. W. Wallace, anayamba kugawa mbewu ya fodya wachikopa kwa alimi a Lilongwe ndi Dowa kuchokera ku Mbabzi, ndipo mu 1926 boma la atsamunda linakhazikitsa Native Tobacco Board. ADMARC itabwera mu 1971, mtedza wa Chalimbana wa njere zikuluzikulu unkagulidwa woswaswa ndi wosankha, n'kumapita kunja. M'zaka za m'ma 1990 alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima fodya wa bale, zigafa n'kudzadza m'midzi. Mbewu zonsezi zili ndi ntchito yofuna kudekha: kuthothola, kuswa, kusankha, kuchotsa mphukira, kusoka fodya, kuwonjezera pa kutonola chimanga ndi kutunga madzi zomwe zinalipo kale. Ntchito yobwerezabwereza yomwe aliyense amaithawa ndi yomwe munthu wa Down syndrome amaigwira mosanyinyirika. Sukulu ya pulayimale inakhala yaulere mu 1994, ana omwe ankathandiza pamkeka anapita m'kalasi, atsibweni ali ndi zaka 24 anatsala ndi madengu.

Kuti makoko afewe, ambiri amawaza madzi pamtedza asanauswe. Alangizi amaletsa zimenezi chifukwa zimabweretsa chuku chokhala ndi poizoni wa aflatoxin, yemwe anatitayitsa misika ya ku Ulaya. Ine ndimadana nazonso pa chifukwa china: zala zokhala pachinyezi tsiku lonse zimafewa m'mbali mwa zikhadabo, mafangasi n'kupeza polowera. Fodya nayenso ali ndi zake. Phula lake limamatirira m'manja mpaka kuda, ndipo tsamba lonyowa ndi mame limalowetsa nikotini kudzera pakhungu. Lipoti la bungwe la Plan la 2009 linanena kuti mwana wothyola fodya m'Malawi akhoza kumwa nikotini wofika mamiligalamu 54 pa tsiku kudzera pakhungu, wofanana ndi ndudu 50. Munthu wa ming'alu m'manja ali pangozi yoposa. Ndimakumbukira atsibweni akusanza madzulo nyengo yothyola fodya, anthu n'kumati adya mango osapsa.

Ali mnyamata, m'zaka za m'ma 1980, atsibweni anatuluka mawanga oyera pamsana pa manja, zikhatho zikung'aluka. Mudzi unanong'ona za khate. M'badwo wa agogo unali utaona anthu oduka zala akutengedwa kupita ku Mua ndi ku Kochirira, choncho mantha awo sanali opanda pake. Kwa miyezi ingapo atsibweni ankadyera m'mbale yawoyawo, ankasamba m'manja pomalizira. Inali nthawi yomwe ntchito yolimbana ndi khate, yomwe bungwe la LEPRA linaiyamba m'Malawi m'zaka za m'ma 1960, inali itafika m'maboma onse. Wazaumoyo wina woyendera midzi anawauza kuti atsinzine, n'kuwakhudza pamawangapo ndi kathonje. Anamva paliponse. Banga la khate silimva kukhudza. Awa anali mawanga a vitiligo, omwe amabwera chitetezo cha thupi chikamalimbana ndi khungu la mwini wake, sapatsirana, ndipo amapezeka kawirikawiri mwa anthu a Down syndrome limodzi ndi kusosoka kwa tsitsi mwa zigambazigamba. Mbale inabwerera pagulu. Koma atangomva kuti si khate, anthu anasiya kuyang'ana manjawo. Chinatsala ndi chiganizo chimodzi: anabadwa choncho.

Agogo okha ndiwo sanasiye. Ankakazinga nsatsi, kuzisinja, kuziwiritsa m'mphika n'kuyengula mafuta pamwamba, monga akazi a Chichewa ankachitira kalekale sopo ndi mafuta a m'sitolo zisanabwere. Usiku uliwonse ankakhazika mwana wawo pafupi ndi moto, kumusambitsa manja m'madzi ofunda, n'kumutikita mafutawo chala ndi chala. Njere za nsatsi ndi poizoni ukazidya, nchifukwa chake ankatithamangitsa ife ana pa mtondo umenewo. Mwambo woyenga nsatsi unatha m'mudzi mwathu pamodzi ndi m'badwo wawo. Malo ake anatenga Vaseline, yemwe amagwira ntchito bwino lomwe, koma amafuna ndalama, ndipo kabotolo kakagulidwa kamayambira ana a sukulu.

Manja a atsibweni lero ndi aafupi ndi otambalala, kachala komalizira kopindikira mkati. Izi ndiye anabadwa nazo, ndipo sizipweteka. Zina zonse zinabwera pambuyo. Chikhatho n'cholimba ngati chikopa cha ng'oma, chokhala ndi ming'alu yakuda m'mizere, ina yotuluka magazi mu Juni ndi Julaye mphepo ya kumapiri ikamaomba. Chikhadabo cha chala chachikulu n'chokhuthala, chachikasu, chonyenyeka kumapeto, chotukuka pamnofu. Mfundo za zala ziwiri n'zotupa. M'mawa satha kufumbata mpaka dzuwa litatentha.

Chilichonse mwa izi chili ndi chifukwa chake, ndipo zambiri zili ndi mankhwala. Khungu la anthu a Down syndrome limauma msanga ndi kukhuthala m'zikhatho ndi kumapazi, nchifukwa chake zikang'a siziwachoka. Sopo waufa wochapira ndi phulusa lotsukira miphika zimaliumitsa kwambiri. Chitetezo cha thupi lawo n'chofooka pang'ono, choncho mafangasi a m'zikhadabo amawagwira kwambiri. Mafangasi amenewa satha ndi mankhwala opaka okha. Pamafunika mapiritsi akumwa kwa milungu kapena miyezi, ndipo poti chikhadabo chimakula mamilimita atatu okha pa mwezi, chatsopano chimaoneka bwino pakatha pafupifupi theka la chaka. Mphere nazo zimatha kuwagwira mwa mtundu wina, wa nkhanambo zokhuthala m'zala ndi pansi pa zikhadabo, zosayabwa kwambiri koma zopatsira nyumba yonse. Banja likamadwala mphere mobwerezabwereza, yang'anani manja a munthu amene sakudzikanda.

Chomwe ndikufuna anthu a kuno achimvetse kwambiri ndi chithokomiro. Tinazolowera kuti chithokomiro ndi chotupa cha pakhosi chomwe tinkaona mwa agogo athu mchere wa ayodini usanafale. Koma kachiwalo ka pakhosi kameneka kakhoza kufooka popanda kutupa, ndipo mwa anthu a Down syndrome zimachitika kawirikawiri, ngakhale akudya mchere wabwino. Munthu amayamba kuzizidwa, kugona kwambiri, kunenepa, kudzimbidwa, khungu kuuma, zikhadabo kuthyokathyoka. Minofu ya pamkono polumikizira dzanja ikatupa imapana mtsempha wopita ku zala, ndiye chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati zimachita dzanzi ndi kuyaka, makamaka usiku. Ntchito yokanikiza ndi zala tsiku lonse imawonjezera vutoli. Munthu amayamba kugwetsa kapu, kulephera kumanga mabatani, ife n'kumati wayamba ulesi kapena wakalamba. Madokotala odziwa za anthuwa amalangiza kuyeza magazi a chithokomiro chaka chilichonse kapena pakatha zaka ziwiri. Kuyezaku kumachitika m'zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo mankhwala ake ndi kapiritsi kamodzi pa tsiku. Atsibweni anayezedwa koyamba ali ndi zaka zoposa 45. Atayamba mapiritsi, tulo ta masana tinatha ndipo khungu linafewako.

Nyamakazi ya m'mfundo za zala ndi pamkono nayo ilipo. Kafukufuku wa ku Ireland wa 2019 anaipeza mwa mwana mmodzi mwa ana 50 a Down syndrome, ndipo ambiri anali atakhala nayo nthawi yaitali osadziwika. Ngati zili choncho ku dziko la madokotala ambiri, nanga kwa Kasakula?

Pali bodza lomwe lavulaza anthuwa kuposa matenda onsewa, lakuti samva kuwawa. Ndalimva kwa anthu achifundo ndithu, akuyamikira: "Atsibweni anu ngolimba, ngakhale atadzicheka salira." Mu 2000 magazini ya zachipatala ya The Lancet inasindikiza kafukufuku wa Martine Hennequin ndi anzake wosonyeza kuti anthu a Down syndrome amamva ululu, koma amachedwa kuusonyeza ndipo amavutika kuloza malo enieni pomwe pakupweteka. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwambi umenewu ndi woona kwa ife otha kudandaula, koma anthuwa amamva m'mimba n'kukhala chete, ndiye chitseko tiyenera kuwatsekulira ndife. Ukawafunsa kuti, "Atsibweni, manja akupweteka?" amayankha kuti, "Ndili bwino," chifukwa amafuna kukusangalatsa. Ululu wawo umaonekera kwina: kubisa dzanja m'khwapa, kulikutumula usiku, kutema nsima ndi dzanja lamanzere, kukwiya popanda chifukwa, kukana dengu lomwe kale ankalithamangira. Ine ndimawagwira chala chimodzichimodzi n'kumayang'ana nkhope yawo, osati kudikira mawu.

Tisaiwale za kusenza. Mwa ena a iwo mafupa awiri oyambirira a khosi ndi olekera, ndipo akasuntha amapana mtsempha waukulu wa msana. Ife timawasenzetsa ndowa za malita 20 ndi mitolo ya nkhuni kutsika nayo mapiri oterera. Munthu wotere akayamba kupendeketsa mutu, kufooka manja, kuyenda mopepesuka kapena kudzikodzera pomwe kale sankatero, musadikire tsiku la msika. Mutengereni kuchipatala tsiku lomwelo.

Malamulo tili nawo. Mu 1971 boma linakhazikitsa bungwe la MACOHA, mu 2009 Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, mu 2012 kunabwera lamulo la aulumali, ndipo mu 2024 linalowedwa m'malo ndi latsopano. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 10.4 mwa 100 aliwonse a zaka 5 kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wa mtundu wina. Pa 21 Malichi dziko lonse limakumbukira anthu a Down syndrome. Zonsezi n'zabwino, koma maso ambiri akadali pa ana. Munthu wa zaka 50 wobwera ndi manja osweka amapatsidwa panado n'kubwerera, nthawi zina wachipatala akulankhula ndi womuperekeza yekha, osamugwira dzanja mwini wake.

Sindikunena kuti tiwalande ntchito. Atsibweni amanyadira lichero lodzaza, ndipo tsiku lomwe tinawaletsa kukhala pamkeka analira ngati awachotsa pamudzi. Ntchito ndi imene yawapatsa malo pakati pa anthu. Chomwe mbumba yathu inagwirizana n'chakuti mwana wa amayi aang'ono ndiye aziyang'anira madengu onse, kuti asapitirire limodzi pa tsiku, mtedza usawazidwe madzi, fodya wonyowa asamukhudze, ndowa asasenze. Ali ndi kabotolo kawokawo ka Vaseline, ndipo mtedza ukagulitsidwa gawo lawo limapatulidwa poyera, loyendera kuchipatala ndi logulira zomwe iwo akufuna.

Inu amfumu, atsogoleri a mipingo ndi alangizi a zaumoyo a kwa Kasakula, kwa Chikho, kwa Kalumo, kwa Nthondo ndi kutsidya ku Dowa, anthuwa mukuwadziwa mayina awo ndi nyumba zomwe amadyamo. Nyengo yoswa mtedza ikafika chaka chino, pitani pamkeka, muwapemphe manja, muwatembenuze, muyang'ane zikhatho, mfundo ndi zikhadabo. Mukaona ming'alu, kutupa kapena zikhadabo zonyenyeka, uzani eni mbumba awaperekeze kuchipatala, ndipo akakafika apemphe kuti ayezedwenso chithokomiro.